Tinakhoza, inde. Nanga anzathu tinkakhala nawo desiki imodzi aja ali kuti?

Atsikana anzathu, nyengo ija mumaidziwa. MANEB ikangotulutsa zotsatira, mafoni sapuma. Uyu waika chithunzi cha mng'ono wake pa WhatsApp: mapointi 12, Mulungu ndi wabwino. Uyo akulengeza pa Facebook kuti mwana wa achemwali ake wasankhidwa ku Providence. Timakondwera nawo, ndipo n'koyenera kutero. Koma kuli makomo ena kumene tsiku limenelo kumangoti zii. Palibe chithunzi, palibe nthungululu. Mtsikana wadzitsekera kuchipinda, ndipo pakhonde azakhali ayamba kale kunong'ona kuti bola angopeza banja.

Nkhani ya mayeso imeneyi inatigawa pakati tsiku lina titakhala pansi kukonza ntchito zathu za m'madera. Tonse m'chipindamo tinali atsikana oti tinavalapo gauni: ena a ku Chanco, ena a ku Bunda, ena a ku Poly, ena a ku Mzuni. Gulu lina linati mayeso a boma alibe vuto, wolephera ndiye kuti sanawerenge basi. Gulu lina linati mayeso amenewa ndi nkhanza, angothetsedwa. Tinakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Titakaganiza mofatsa, taona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi choonadi chake, komanso zonse ziwiri zikuphonya penapake. Nde lero tikufuna tinene poyera pamene taima.

NTCHITO YENIYENI YA MAYESOWA

Mwana wa pasukulu ya boma amakumana ndi zipata zitatu: PSLCE mu Sitandade 8, JCE mu Fomu 2 ndi MSCE mu Fomu 4. Zonsezi zili m'manja mwa MANEB, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Timauzidwa kuti ntchito ya mayeso ndi kuona ngati mwana waphunzira. Koma tisanamizane, makamaka pa PSLCE ntchito yaikulu ndi kusefa.

Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ana anakhamukira ku sukulu. Chiwerengero chinadumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Khomo la pulayimale linatsegulidwa kwa onse, koma la sekondale linakhalabe lopapatiza. Zaka zambiri, ana amene amasankhidwa kupita ku Fomu 1 sakwana n'theka lomwe la amene akhoza. Mvetsani bwino pamenepa. Sitikunena za olephera ayi. Tikunena za ana oti MANEB yomweyo yavomereza kuti akhoza, koma malo palibe.

Ndipo osankhidwawo sapita kofanana. Amene amenya kwambiri amapita ku sukulu zotchuka zogonera konko monga Lilongwe Girls, Stella Maris, Marymount kapena St Mary's. Ena amapita ku sekondale za m'maboma, koma ochuluka amathera ku ma CDSS. Ambiri mwa ma CDSS amenewa anali malo ophunzirira a MCDE aja, amene anangosandutsidwa sekondale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ena opanda labu, opanda laibulale, aphunzitsi ake osakwana. Choncho zimene mwana wa zaka 13 kapena 14 walemba m'masiku atatu ndi zimene zimagamula ngati adzaone maikulosikopu ndi maso ake kapena adzangoijambula m'kope. Pakatha zaka zinayi, awiriwa timawapatsa pepala limodzi la MSCE n'kumati tawayesa mofanana.

KWA AMENE AMATI "INE NDINALIMBIKIRA"

Asisi, palibe akukana. Munalimbikiradi. Tonsefe timakumbukira kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisatigwire, kuwerengera kandulo magetsi atazima, kuloweza mpaka mutu kuchita kutentha. Thukuta limenelo ndi lanu, ndipo palibe angakulandeni.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Tsekani maso mukumbukire kalasi yanu ya Sitandade 5. Munalipo atsikana angati? Nanga mu Sitandade 8 munatsala angati? Mwa iwowo, angati anafika Fomu 4? Angati anavala gauni? Tinachita masamu amenewa m'chipinda muja, ndipo ambirife tinapeza kuti pa kalasi yonse tinatsala amodzi kapena awiri. Kenako tinadzifunsa funso lowawa: kodi ndifedi amene tinali anzeru kuposa onse? Aliyense wa ife anali ndi dzina la mtsikana amene ankatiposa. Uja ankakhala nambala wani teremu iliyonse. Uja tinkakopera masamu ake m'mawa aphunzitsi asanalowe. Lero wina akugulitsa tomato pamsika, wina ali ndi ana anayi kumudzi, wina sitikudziwa n'komwe kumene ali.

Vuto la ife okhoza ndi loti timaweruza mlatho titaoloka kale. Amene anagwera m'madzi sakhala nawo pa zokambirana zathu, saitanidwa pa wailesi, salemba malamulo. Nde tikamati mayesowa ndi achilungamo chifukwa ife tinadutsa, tikhala ngati tikufunsa opulumuka okha ngati boti linali lolimba.

Pepala limakhala limodzi, shuwa. Koma tsiku la mtsikana ndi la mnyamata si limodzi. Mtsikana wa ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chibavi amadzuka kukadali mdima kukaima pamzere wa madzi, asese, atsuke mbale, asambitse ana, ndiye athamangire kusukulu. Akaweruka, mphika ukumudikira. Amayi akadwala, amene amajomba kukawadikirira kuchipatala ndi iyeyo, osati mlongo wake. Mwezi uliwonse pali masiku amene amakhala pakhomo chifukwa alibe mapadi, kapena kusukulu kulibe chimbudzi choti asinthireko ndi madzi osamba m'manja. Mu 2022 boma linachotsa msonkho pa mapadi, zikomo, koma kwa banja loti chakudya chenichenicho chikuvuta, paketi ya mapadi ikadali chinthu chapatali. Amene amachita lendi kachipinda pafupi ndi CDSS chifukwa kwawo n'kutali amadziwa zimene amakumana nazo ufa ukatha ndipo bambo wina wa golosale akuti angathandize. Ndiye zotsatira zikamatuluka chaka ndi chaka anyamata akhoza bwino kuposa atsikana, ena amangoti atsikana n'ngaulesi. Aaa, ulesi wake uti?

Palinso Chingerezi. Kupatula pepala la Chichewa, mwana amayesedwa m'chilankhulo choti kunyumba kwawo sachimva n'kamodzi komwe. Pa MSCE, ukalakwa Chingerezi satifiketi palibe, kaya masamu ndi sayansi unaphwanya bwanji. Mwana wa ku Area 47 amene wakula akuonera makatuni a Chingerezi ndi mwana wa ku Nsanje amene amalankhula Chisena pakhomo, Chichewa pabwalo, Chingerezi pa bolodi pokha, sayambira pamzere umodzi. Sitikuti Chingerezi n'chosafunika. Tikungoti nthawi zina chimene pepala likuyesa si nzeru za mwana, koma kumene anabadwira.

TIKUMBUKIRE 2020

Ngati pali chaka chimene chinaonetsa poyera kulemera kwa mtolo umene timasenzetsa ana, ndi 2020. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo a makalasi olemba mayeso anabwerera mu Sepitembala. M'miyezi imeneyo, kafukufuku wa boma anapeza kuti atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Amene anakwanitsa kubwerera anakonzekera MSCE movutikira. Atangoyamba kulemba, mapepala anapezeka akuyendayenda m'mafoni. Mu Novembala nduna ya maphunziro nthawi imeneyo, mayi Agnes NyaLonje, inalengeza kuti mayeso aimitsidwa. Analembedwanso mu Januwale 2021, asilikali akulondera mapepala, ndipo amene anakhoza anali pafupifupi 41 okha pa 100 alionse.

Tadzifunsani: amene anatulutsa mapepala aja anali ana? Mwana wa Fomu 4 alibe kiyi wa kumene kumasungidwa mayeso. Koma amene analipira ndi ana. Mtsikana amene makolo ake anagulitsa mbuzi kuti alipire lendi ndi chakudya cha nthawi ya mayeso anauzidwa kuti apite kwawo adzabwerenso. Mbuzi ina inachokera kuti? Mu 2023 namondwe wa Freddy anagumula sukulu m'chigawo cha kummwera, zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ana anakhala masabata osaphunzira. Chaka chomwecho iwonso anakumana ndi pepala lofanana ndi la anzawo amene sanajombepo tsiku. Pepala silifunsa kuti unagona kuti.

KWA AMENE AMATI "ANGOTHETSEDWA"

Mkwiyo wanu tikuumva, ndipo ambirife tinali mbali imeneyi. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tisanagwetse chipata, tione chimene chidzaime m'malo mwake.

Choyamba, tinayesapo kale. Mu 2015 boma linalengeza kuti likuthetsa JCE, makamaka pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo mayeso omaliza analembedwa mu 2016. Kodi atsikana anapepukidwa? Amene anasiyira sukulu mu Fomu 3, chifukwa cha fizi kapena mimba, anatuluka chimanjamanja, opanda pepala losonyeza kuti anaponda ku sekondale. JCE inabwezeretsedwa mu 2021. Phunziro lake n'lakuti kwa mtsikana wosauka, satifiketi iliyonse ndi chingwe chogwirira. Mwana wa bwana akhoza kupeza ntchito ndi dzina la bambo ake. Mwana wa mayi wogulitsa mandasi ali ndi pepala lokhalo.

Chachiwiri, ndipo apa tikupempha mumve bwino. Anthu ambiri amati m'malo mwa mayeso a kumapeto, malikisi azichokera pa ntchito za m'kalasi zimene mphunzitsi amachonga chaka chonse. Ku Kenya analowera njira yonga imeneyi, ndipo mayeso awo otchuka a KCPE analembedwa komaliza mu 2023. Maganizo ake ndi abwino: tsiku limodzi loipa lisaphe zaka zisanu ndi zitatu. Koma ife amene tinadutsa m'makoleji tikudziwa chimene chimachitika tsogolo lako likakhala m'cholembera cha mwamuna mmodzi. Tikudziwa tanthauzo la "udzandipeze ku ofesi madzulo". Tikudziwa anzathu amene anabwereza kosi chifukwa anakana, ndi ena amene anavomera akulira. Aphunzitsi ambiri ndi anthu olungama, ogwira ntchito yolemetsa pa malipiro ochepa, ndipo timawalemekeza. Koma mmodzi yekha woipa pasukulu ndi wokwanira kuononga atsikana a zaka khumi zotsatizana. Nanga mphamvu imeneyo tikaipereke kwa munthu wotero pa mwana wa zaka 14?

Mayeso a MANEB ali ndi zolakwika zambiri, koma ali ndi ubwino umodzi umene ife atsikana sitiyenera kuupeputsa: wochonga sakudziwa. Sadziwa nkhope yako, thupi lako, kapena kuti unamukana ndani. Amachonga zimene walemba. Kwa ambirife, chipinda cha mayeso chinali malo oyamba m'moyo mwathu kumene palibe anatifunsa kuti ndiwe mwana wa ndani. Chimenechi sitingachitaye.

ZIMENE MAYESOWA ATICHITA TONSE

Pali china chimene mbali zonse ziwiri zinagwirizana. Tsogolo lonse likapachikidwa pa pepala limodzi, sukulu imasiya kuphunzitsa n'kuyamba kukonzekeretsa mayeso basi. Sitandade 8 imasanduka chaka cha mapepala akale ndi kuloweza. Zimene sizibwera pa mayeso siziphunzitsidwa. Makalasi apadera olipira amachuluka, ndipo amene alibe ndalama amatsalira ngakhale ali pasukulu yaulere. Ana amabwereza Sitandade 8 kawiri, katatu, osati chifukwa analephera koma kusakasaka selekishoni. Mnyamata akhoza kubwereza mpaka ndevu kumera, palibe amudandaule. Mtsikana akabwereza kawiri, mudzi wonse wayamba kumuwerengera zaka. Ndipo likasa limapeza msika chifukwa anthu ali ndi mantha. Pamene malo ali ochepa ndipo kulephera kuli ngati imfa, wogulitsa mayankho sasowa kasitomala.

Ifenso okhozafe zinatisiyira chilema. Tinafika ku yunivesite tikudziwa kuloweza koma tikuopa kufunsa funso. Tinaphunzira kuti munthu ndi nambala: wa mapointi 9 ndi munthu, wa 36 ndi kamunthu. Mpaka lero ena timafunsana mapointi pa chinkhoswe. Chodabwitsa n'chakuti ambirife, ndi madigiri athuwa, tikuyenda ndi maenvelopu m'tauni kapena tikugulitsa kaunjika pa intaneti. Ngati ife amene dongosololi linatisankha tikuvutika chonchi, nanga amene linawataya?

PAMENE TAIMA

Ife sitikuti mayeso athe. Tikuti mayeso asiye kukhala mpeni wodulira ana chifukwa boma silinamange sukulu zokwanira. Ndime 25 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Sinanene kuti okhawo amene apeza malo. Choncho tikupempha izi:

1. Mwana aliyense wokhoza PSLCE apeze malo ku Fomu 1. Kumanga sekondale, kulemba aphunzitsi, kuika labu m'ma CDSS ndi malo ogona atsikana otetezeka ndiye mankhwala enieni. Malo akakwana, PSLCE idzasiya yokha kukhala chilombo.

2. Mayeso aziyesanso boma. Zotsatira zizifotokozedwa momveka kwa anthu wamba: atsikana ndi anyamata akhoza bwanji m'boma lililonse ndi pa mtundu uliwonse wa sukulu, ndipo pambali pake pazilembedwa kuti sukuluyo ili ndi aphunzitsi angati, mabuku angati, labu ilipo kapena ayi. Sukulu ikalephera yonse, woyamba kuyankha akhale phungu ndi unduna, osati ana.

3. Pakhale mwayi wachiwiri wachangu. Amene wagwa phunziro limodzi, kapena anadwala, anaferedwa, anabereka nthawi ya mayeso, azitha kulembanso pakangopita miyezi ingapo. Ku South Africa olemba matric ali ndi mwayi wolembanso pakati pa chaka. Kwa mtsikana, chaka chathunthu chodikira pakhomo ndi chaka chimene ankhoswe amabwera.

4. Mtsikana woyembekezera kapena woyamwitsa asabwezedwe pakhomo la chipinda cha mayeso. Dziko lino lili ndi ndondomeko yolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka kuyambira mu 1993. Isamangokhala m'mafayilo. Ndipo pamalo aliwonse olembera mayeso pakhale madzi, chimbudzi chotsekeka ndi mapadi.

5. Ngati malikisi a m'kalasi adzayambe kuwerengedwa pa satifiketi, chitetezo chiyambe chakhazikika: ntchito izichongedwanso ndi mphunzitsi wa sukulu ina, ndipo mwana akhale ndi kokadandaula kunja kwa sukulu yake. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kale kuvutitsa munthu pofuna kugonana naye. Ligwire ntchito m'kalasi momwe.

6. Mayeso akabedwa, chilango chigwere akuluakulu amene anali ndi makiyi, osati ana okha amene apezeka ndi kapepala m'sokosi.

NANGA IFEYO?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sitingangodikira a ku Capital Hill. Pali zimene zili m'manja mwathu sabata ino.

Tiyambe ndi pakamwa pathu. Tisiye kunena kuti "uja analephera" ngati kuti ndi dzina lake. Zotsatira zikatuluka, muimbireni foni kaye amene sizinamuyendere musanaike chithunzi cha amene wakhoza. Muuzeni kuti akhoza kulembanso, kuti kuli sukulu za masana za open, kuti kuli makoleji a ntchito zamanja. Muuzeni azakhali aja kuti mwanayu sanafike zaka 18, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa mwana, kaya makolo avomereze.

Kenako tiyang'ane m'nyumba mwathu momwe. Ambirife m'tauni muno tili ndi mtsikana wotithandiza ntchito, kapena ali kwa amayi athu. Munamufunsapo kuti sukulu analekezera pati? Mwina mudzadabwa kumva kuti anakhoza PSLCE koma dzina silinatuluke. Mwina akungofunika maola atatu masana ndi munthu womulipirira kuti abwerere m'kalasi. Sitingamafuule za ufulu wa atsikana pa Facebook pamene amene akutichapira zovala tamutsekera khomo lomwe ife tinadutsira.

Ndipo tibwerere kumene tinachokera. Loweruka limodzi pa mwezi pa CDSS ya kwanu, ndi mabuku anu akale aja akungodya fumbi, ndi ola limodzi la masamu kapena Chingerezi, zikhoza kusintha zambiri. Mukapita, musakangodzionetsa kuti taonani ine ndinatheka. Mukawauze zoona: kuti munalimbikira, inde, komanso kuti panali achimwene amene anakulipirirani, amayi amene anakuchotserani mphika, mphunzitsi amene anakubwerekani buku. Akadziwe kuti wokhoza sayenda yekha, ndipo wogwa si chitsiru.

Satifiketi zathu tizisunga, tinazivutikira. Koma tisazisandutse umboni woti zonse zili bwino. Usiku uno, musanagone, kumbukirani dzina la mtsikana uja ankakuposani m'kalasi. Ngati nambala yake mungaipeze, muimbireni. Mumufunse ngati akufunabe kulemba.